Zidole za kusukulu ya unamwino si zamasanje

Bambo, mwafunsa ngati mwana wanu sakungotaya nthawi kusukulu ya unamwino, poti masiku ena amangokhalira kuyeserera pa zidole m'malo mokhala kuwodi ndi odwala enieni. Ine ndine mzamba, zidolezo ndazigwirapo, ndiye mundilole nditalikitseko pang'ono.

Khanda likabadwa osalira, timakhala ndi mphindi imodzi yokha. Isanathe mphindiyo ukhale utalipukuta, walisisita kumsana, wagoneka bwino kamutu, wavundikira kakamwa ndi kamphuno ndi ambu bag, kachipangizo kofinya kopopera mpweya m'mapapo, ndipo wayamba kulipumitsa. Pamayeso aliyense amazilemba izi n'kukhoza. Koma mayi ali pomwepo akufunsa kuti "bwanji mwana wanga sakulira?", manja amanjenjemera, mpweya n'kumathawira m'mbali. Ine ulendo woyamba ndinafinya kangapo chifuwa cha mwana osakwera, mpaka mzamba wamkulu anafika n'kuwongola kamutuko ndi zala ziwiri basi. Mwana anapuma. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti zikanatha bwanji mzamba wamkulu uja akanakhala kuti watulukako pang'ono.

Chidole cha khanda chomwe ambirife tinaphunzirirapo amachitcha NeoNatalie. Amachithira madzi ofunda kuti chilemere ngati mwana wongobadwa kumene. Ukachigwira molakwika chifuwa chake sichikwera, sichikunamiza ayi. Mphunzitsi amafinya kampira kali m'manja mwake kuti mchombo uzigunda, ndipo iwe uziwerenga ngati mtima ukugunda bwino kapena wafooka. Ungalakwitse kakhumi, palibe amene alire maliro.

Nzeruyi si yadzulo. Asmund Laerdal wa ku Stavanger, m'dziko la Norway, ankapanga zoseweretsa ana, ndipo mu 1960 anatulutsa Resusci Anne, chidole chophunzirirapo kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma. Mu 2010 kunayamba maphunziro othandiza makanda kupuma otchedwa Helping Babies Breathe, omwe anafika kuno ku Malawi. Ku Tanzania atawayesa m'zipatala 8, imfa za makanda pa tsiku loyamba lobadwa zinatsika ndi 47 pa 100 iliyonse.

Komabe nkhawa yanu ili ndi pogwira. Ku chipatala cha Haydom, ku Tanzania komweko, anaona kuti maphunziro a tsiku limodzi anathandiza azamba kuchita bwino pa chidole, koma pa ana enieni zinthu sizinasinthe. Zinadzasintha atayamba kumayeserera pafupipafupi, kanthawi kochepa, pamalo pomwe amagwirira ntchitopo. Apa ndi pomwe ife timagwa nayo. Timapita ku wekishopu, timalandira alawansi ndi satifiketi, chidole n'kukachitsekera m'kabati kuopa kuti chiwonongeka. Ikatha miyezi 6 manja aiwala. Kwa ine chidole chong'ambika chifukwa chogwiragwira ndi chabwino kuposa chonyezimira chili m'katoni.

Palinso china chotchedwa MamaNatalie. Ichi mphunzitsi amachimangirira pamimba pake, n'kukhala ngati mayi amene wangochira kumene, kenako amatsegula madzi ofiira kuti ziwoneke ngati akutaya magazi. Apa sipaphunziridwa za manja zokha. Wina asisite chiberekero kuti chilimbe, wina abaye oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, wina aike dilipi, wina ayeze magazi otayika, chifukwa akapitirira mamililita 500 zinthu zafika poipa ndipo maso amanama. Ndani aitane dokotala? Nthawi zambiri aliyense amaganiza kuti mnzake waitana kale. Mukamaliza mumakhala pansi n'kukambirana zomwe zachitika, popanda kukalipirana. Pamenepo mpomwe wophunzira wa chaka chachiwiri amazolowera kuuza wamkulu wake kuti "pepani, mankhwala aja sitinapereke", mawu ovuta kuwatulutsa kwa ife amene tinaleredwa kuti akulu sawadzudzula.

Kuwodi apitabe, musade nkhawa. Sangalembedwe m'kaundula wa anamwino ndi azamba asanagwire odwala enieni pansi pa omuyang'anira, ndipo pali zambiri zomwe pulasitiki sangamuphunzitse, monga kulankhula ndi mayi amene mwana wake wapita padera. Akabwera ku holide, mumufunse kuti chidolecho amachigwira kangati pamwezi iye mwini, osati kungoonerera anzake, ndiponso ngati aphunzitsi amakhala nawo pansi akamaliza.