Za ulendo wa ndawala wothandiza chipatala

Mayi, mwafunsa ngati ulendo wa ndawala ungakupezereni ndalama zogulira zofunda za amayi oyembekezera pachipatala cha kwanu. Ungathandize ndithu, koma ndalama zambiri sizichokera m'zitini zimene achinyamata amagwedeza m'mbali mwa msewu. Zimachokera kwa eni masitolo ndi mipingo imene mwailembera makalata kutatsala mwezi wathunthu.

A kampani yosindikiza nyuzipepala ya Nation Publications Limited amachititsa Mother's Fun Run, liwiro lopezera ndalama zothandiza amayi oyembekezera, m'nyengo ya Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala, ndipo amagula zipangizo zimene chipatala chomwe akuthandizacho chikusowa. Inunso kaonaneni kaye ndi anamwino, chifukwa mwina amayi akugona pansi ndipo chofunika msanga ndi matilesi. Dziwitsani apolisi ndi bwanamkubwa nthawi ikadalipo, ndiponso ndalamazo ziwerengedwe pamaso pa anthu tsiku lomwelo.