Zomatira mano zoyera kapena zakuda?

Achemwali, mwafunsa ngati muchotse zomatira mano zakuda zakale, komanso zoti musankhe pa bowo latsopano la dzino. Zakuda zakalezo zisiyeni ngati sizinang'ambike ndipo dzino silikupweteka. Pozichotsa, makina oboolera amadyako ndi dzino labwinobwino. Koma pa bowo latsopanolo sankhani zoyera, zija madokotala amati composite.

Zoyerazi ndi utomoni wosakaniza ndi ufa wa galasi. Utomoni wake, Bis-GMA, anaupanga Rafael Bowen wa ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo akatswiri akulimbanabe ndi vuto lake lalikulu: umafota pang'ono pouma. N'chifukwa chake pondimata kuno ku Harare, dokotala ankaika pang'onopang'ono, osapitirira mamilimita 2, n'kuunika ndi kanyali kabuluu kuti ziume, kenako n'kuwonjezera. Thonje linali tho m'kamwa, poti malovu akangofikapo sizigwira. Wothamangitsa ntchito amasiya kampata, dzino n'kuyamba kuola kunsi inu osadziwa. Tiyi amadetsanso zoyerazi pakapita zaka, koma zimenezo dokotala amangopukuta.

Mwati dzino la bowolo limakudzutsani usiku. Apo musazengereze, pitani kwa dokotala wa mano akajambule X-ray, chifukwa mwina mtsempha wakhudzidwa ndipo kumata kokha sikungathandize. Tsaya likatupa, pitani tsiku lomwelo.