Munthu akavomera kupolisi, kodi ndiye kuti wakupha wapezeka?

Achimwene, mwafunsa kuti ngati munthu wavomera yekha pamaso pa apolisi kuti ndiye anapha, anthu akukayikiranji, popeza palibe wamutu wake amene angadzisenzetse mlandu wakupha asanaphe. Ambiri amaganiza choncho. Koma anthu amavomeradi milandu imene sanapalamule, ndipo ena amafika pokhulupirira mumtima mwawo kuti anachitadi. Mvetserani zimene zinachitika ku Iceland.

Mu Januwale 1974 mnyamata wa zaka 18, Guðmundur Einarsson, anasowa usiku akuchokera kudansi m'tauni ya Hafnarfjörður. Mu Novembala chaka chomwecho bambo wina wa zaka 32, Geirfinnur Einarsson, anaimbiridwa foni kunyumba kwake ku Keflavík, natuluka, osabwereranso. Awiriwa sanali pachibale ngakhale dzina likufanana. Dzikolo linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 200,000, kuphana kunali kosowa, choncho anthu anawakhalira pakhosi apolisi kuti apeze olakwa.

Kumapeto kwa 1975 apolisi anagwira mtsikana wina, Erla Bolladóttir, ndi chibwenzi chake Sævar Ciesielski pa mlandu wina wobera ndalama. Erla anali ndi khanda la masabata ochepa kunyumba. Taganizani mayi woyamwitsa atatsekeredwa yekha m'chitokosi, akudziwa kuti akanena zimene ofunsawo akufuna kumva akaona mwana wake. Atamufunsa kwa nthawi yaitali za Guðmundur, anayamba kukayika ngati maloto oipa amene analota usiku umene mnyamatayo anasowa anali malotodi, nasainira sitetimenti yotchula Sævar ndi anzake. Mlandu wonse unaphukira pamenepo.

Mapeto ake anthu asanu ndi mmodzi anavomera. Anawasunga aliyense payekha, osaonana ndi munthu, kwa miyezi yambirimbiri. Mmodzi mwa iwo, Tryggvi Rúnar Leifsson, anakhala chotero masiku 655. Ankawamana tulo, kuwafunsa mobwerezabwereza loya palibe, ndipo Sævar, amene ankaopa madzi, ankamumiza mutu m'madzi. Nkhani zawo zinkasintha tsiku ndi tsiku: lero mtembo tinakwirira apa, mawa tinataya uko. Apolisi ankawatenga kukasaka m'miyala ya chiphalaphala kunja kwa Reykjavík, likulu la dzikolo, koma sanapeze ngakhale fupa limodzi. Pakati pa zonsezi anatchulanso amuna ena anayi osalakwa, kuphatikizapo mlongo wake wa Erla yemweyo, ndipo iwo anatsekeredwa miyezi ingapo asanatulutsidwe. Mu 1976 boma linaitanitsa wapolisi wa ku Germany, Karl Schütz, amene analumikiza zidutswa za nkhanizo kukhala nkhani imodzi yopita nayo kukhothi. Khothi linawapeza olakwa anthu asanu ndi mmodzi aja mu 1977, khothi lalikulu linavomereza mu 1980, Sævar anapatsidwa zaka 17.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi Guðjón Skarphéðinsson, munthu wophunzira amene anakhalapo mphunzitsi. Ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku ali m'chitokosi. Poyamba analemba motsimikiza kuti sadziwa kanthu za Geirfinnur. Pakupita kwa masabata anayamba kudzikayikira, kuganiza kuti mwina anachitadi koma mutu wake ukumubisira, ndipo anayamba kuthandiza apolisi "kukumbukira". Katswiri wa zamaganizo, Gísli Guðjónsson, amene poyamba anali wapolisi komweko, anafotokoza kuti munthu wosungidwa yekha, wosagona, wouzidwa tsiku lililonse kuti anzako akutchula, amasiya kudalira zimene iye mwini akukumbukira n'kuyamba kudalira zonena za womufunsayo. Ameneyo sakunama mwadala ayi, maganizo ake asokonezedwa.

Mu Seputembala 2018 khothi lalikulu la Iceland linagamula kuti amuna asanu mwa anthu ovomera aja analibe mlandu. Tryggvi anali atamwalira mu 2009, Sævar mu 2011, atatha moyo wake wonse akumenyera kuyeretsa dzina lake. Mpaka pano mitembo ya anthu awiri aja sinapezeke. Apa ndi pamene pamandipweteka: anthu aja atasainira masitetimenti, apolisi anakakamira pa masitetimentiwo m'malo mofufuza kwina. Ngati panali wakupha, anapatsidwa zaka zoposa 40 za mtendere.

Musati izi n'za azungu okha. Kwathu kuno malamulo aakulu a dziko, pa gawo 42, amati munthu womangidwa asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo aonekere kukhothi pasanathe maola 48. Komabe gawo 176 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni limalola khothi kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwiniwake akunena kuti anamukakamiza. Woweruza ndiye amayenera kukhutira popanda chikayiko kuti munthuyo ananenadi zimenezo ndipo n'zoona. Ndiye ngati sitetimenti yotere ikhoza kulowa m'khothi, wapolisi wa m'manja molemera aopa chiyani? Kumbukirani Buleya Lule, amene ankaganiziridwa pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza. Anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa ndi magetsi. Chilichonse chimene akanaulula m'khothi anapita nacho kumanda.

Sindikunena kuti aliyense wovomera ndi wosalakwa, ambiri amavomera zoona. Koma mukamva kuti wina "wavomera", funsani kuti anali atakhala masiku angati m'chitokosi, loya analipo kapena ayi, ndipo nkhani yake yasintha kangati. Koposa zonse funsani ngati wauza apolisi chinthu chimene iwo sankachidziwa, monga pamene pali mtembo, mpeni, kapena foni ya malemu, ndipo atapitako anachipezadi. Ngati zonse zimene wanena zinali kale m'fayilo asanatsegule pakamwa, n'kutheka kuti wangobwereza zimene anamuuza, ndipo achibale a malemu ali ndi ufulu wonse wouza apolisi kuti apitirize kufufuza.