Za chithunzi chanu cha ku Cape Maclear ndi bwato limene labisika

Achimwene, zikomo potionetsa chithunzi chimene munajambula pagombe la Chembe ku Cape Maclear mu Okutobala dzuwa likulowa. Mwafunsa chifukwa chake chikuoneka ngati chopeka ngakhale munakhalira kuchikonza mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, usiku wonse, komanso ngati kugula fyuluta ya ND, galasi lodera lochepetsa kuwala kolowa mu lenzi, kungakuthandizeni. Ndachiyang'ana kangapo pa kompyuta, ndipo ndikuona kuti vuto lalikulu linayambira pamchenga pomwe munaima, kotero kuti kukonza konse kuja kunali kuyesa kubwezera chimene chinasowa pojambula.

M'chithunzimo muli zinthu zinayi zimene zikulimbirana diso: miyala ikuluikulu m'munsi chakumanzere, chilumba cha Thumbi pakati, dzuwa chakumanja, ndi bwato la asodzi awiri. Mwa zonsezi, chimene chili ndi moyo ndi bwatolo, chifukwa miyala ndi chilumba aliyense wofika ku Chembe amazijambula, pomwe munthu wopalasa ataweramira nkhafi yake sabweranso kachiwiri m'kaimidwe komweko. Tsoka lake n'lakuti bwatolo lagwera pamdima wa chilumba, mitu ya asodziwo yalowa m'mitengo ya kumbuyo, ndipo ine ndinaliona nditayamba ndakulitsa chithunzi. Mukanakwera pamwala umodzi mwa imene ili kumanzereyo, ngakhale mita imodzi ndi theka yokha, bwato likanatsikira pamadzi owala n'kuoneka lokha ngati chithunzithunzi chakuda. Mukanathanso kudikira masekondi ochepa kuti lipyole chilumba n'kulowa m'kanjira ka kuwala kamene dzuwa limayala pamadzi. Lenzi ya 16mm, yojambula malo otakata, imene munagwiritsa ntchito nayonso yakulitsa miyala ya pafupi n'kuchepetsa zonse zakutali, pamene pa lenzi yokokera zakutali ya 70mm kapena kupitirirapo asodziwo akanakhala ndi thupi.

Mzere umene nyanja ikukumana ndi thambo wapendekera kumanja pang'ono. Pachithunzi cha mapiri zimenezi zimabisika, koma madzi aliyense amadziwa kuti sakhala chopendekeka, choncho yambani mwawongola pamenepo musanakhudze china chilichonse. Ena m'gulu muno akuti mwalakwa poika mzerewo pakati penipeni, ndipo ine sindikugwirizana nawo kwenikweni. Hiroshi Sugimoto wa ku Japan wakhala akujambula nyanja za m'maiko osiyanasiyana kuyambira mu 1980, mzere uli pakati, theka madzi theka thambo, ndipo zithunzi zake zimagwira mtima chifukwa mulibe china chosokoneza. Kwa inu nkhani ndi yoti kumwamba kwa chithunzi kulibe mtambo ngakhale umodzi, kotero mukadulako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi simutaya kanthu.

Tsopano za kukonza, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Chimene chikuchititsa kuti diso likane chithunzi chanu, ngakhale munthu asadziwe chifukwa chake, n'chakuti madzi akuwala kuposa thambo. Madzi amangobweza kuwala kumene alandira kuchokera kumwamba, ndipo amabweza kochepa, choncho chithunzithunzi cha thambo m'madzi chimayenera kukhala chodera kuposa thambo lenilenilo. Inu munadetsa thambo kwambiri, kenako n'kukweza mithunzi ya pansi mpaka miyala ikuoneka ngati ndi masana pamene dzuwa lili kumbuyo kwake. Mwala umene watembenukira kwa wojambula nthawi imeneyo umakhala wakuda, kupatula kamzere ka kuwala m'mphepete mwake ndi ponyowa pamene funde langochoka. Timalo towala timeneto ndi tokwanira, ndipo mdima wotsalawo uzisiyeni momwemo.

Kulitsani chithunzi pamene mitengo ya pa Thumbi ikukhudza thambo, muona kamkombero koyera kozungulira chilumba chonse. Kameneko kabwera chifukwa chokankha kwambiri Dehaze ndi Clarity, zida za mu Lightroom zochotsa mbuu ndi zoonetsa zinthu bwino. Ndikumvetsa chimene munkafuna, chifukwa mpweya wa tsikulo unali wambuu, koma mbuu umenewo ndi utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi la chilimwe, ndipo ndi womwewo umene umafiiritsa dzuwa la Seputembala ndi Okutobala mpaka munthu n'kumaliyang'ana osaphethira. Mukauchotsa wonse mwachotsa nyengo m'chithunzi, komanso mwachotsa chimene chimauza diso kuti chilumba chili patali ndipo miyala ili pafupi. Mtundu wa lalanje nawo wadzaza mpaka malo ozungulira dzuwa asanduka chigamba chimodzi chopanda kusiyana. Bwezani Saturation (kuchuluka kwa mtundu) pa 0, muyambe ndi White Balance (yokonza kufiira kapena kubiriwira kwa kuwala), ndipo muona kuti mtundu wokwanira unalimo kale.

Sindikunena kuti kukonza chithunzi ndi chinyengo. Mu 1857 Gustave Le Gray anajambula funde lalikulu padoko la Sète ku France pophatikiza ma negative awiri (magalasi ojambulirapo a nthawiyo), ina ya thambo ina ya nyanja, chifukwa zipangizo za nthawiyo sizinkatha kugwira kuwala kwa zonse ziwiri pakamodzi. Vuto limene iye ankalimbana nalo ndi lomwelo limene mwakumana nalo ku Chembe, ndipo masiku ano timalithetsa pojambula zithunzi ziwiri kapena zitatu za kuwala kosiyana kamera ili pa tripod, choimikira cha miyendo itatu. Chofunika n'chakuti pomaliza kuwala kuzioneka kuti kukuchokera kumodzi.

Za fyuluta ya ND, pachithunzi ichi sikanakupindulitsani. Fyuluta ya ma stop 10, yodera kwambiri, imatalikitsa nthawi imene kamera imalandira kuwala kuchoka pa 1/30 ya sekondi kufika pafupifupi masekondi 30, ndipo m'nthawi imeneyo madzi amasalala ngati mkaka koma bwato loyenda limafufutika. Ngati mukufuna mafunde ooneka kuti akuyenda, pitani ku Senga Bay m'mamawa nthawi ya mwera, mu Juni kapena Julayi, muyese theka la sekondi mpaka sekondi imodzi, ndipo mudinize pamene funde likubwerera osati likamabwera, chifukwa thovu lobwerera ndi limene limalemba mizere yoyera pamchenga. Miyendo ya tripod muikanikize mumchenga mpaka italimba, apo ayi funde likamakokolola mchenga pansi pake kamera imatitimira pang'onopang'ono ndipo chithunzi chonse chimagwedera. Ine ndinataya zithunzi za m'mawa wonse mwa njira imeneyi, ndipo ndinazindikira nditafika kale kunyumba.

Pali timadontho titatu kumwamba chakumanzere, timene ndi fumbi la pa sensa ya kamera looneka chifukwa munajambula pa f/22, ndiko kuti kabowo kolowera kuwala mu lenzi kanali kakang'ono kwambiri. Pa f/8 kapena f/11 sitikanaoneka chonchi, ndipo chithunzi chikanatuluka chakuthwa kuposa apa. Potumiza pa Facebook, sungani chithunzi mu sRGB (dongosolo la mitundu logwiritsidwa ntchito pa intaneti), mbali yaitali ikhale ma pixel 2048, kuti thambo lisaduke mizeremizere.

Ngati munajambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera inagwira, bwererani ku fayilo yoyambayo, muwongole mzere, mudule kumwamba, ndipo muwalitse pang'ono madzi okhawo amene ali pansi pa bwato. Muonenso zithunzi zimene munajambula masekondi angapo pambuyo pa ichi, chifukwa n'kutheka kuti pa chimodzi mwa izo asodziwo anali atapyola kale chilumba. Mukachipeza mutitumizire m'gulu muno chisanakonzedwe, tidzachione limodzi.