Kodi madzi adzimbiri ndiwo akudwalitsa nsomba zanga?

Funso: Dziwe langa limalandira madzi a pakasupe, ofiira ndi dzimbiri. Makumba ena atuluka zilonda pamimba ndi kumchira. Mwana wanga akuti mabakiteriya amakonda ayironi, amene ali m'dzimbirimo. Kodi madziwa ndiwo akuwadyetsa? Mlimi wa nsomba, Mchinji

Yankho: Bambo, mwana wanuyo wanena zoona, pafupifupi mabakiteriya onse sangaswane popanda ayironi. Koma akalowa m'thupi la nsomba, ayironi amene amafuna ndi wa nsombayo, osati wa m'dziwe.

Nsomba siisiya ayironi wake poyera. Wambiri amakhala wotsekeredwa m'maselo ofiira a magazi, wina amamangidwa ndi puloteni yotchedwa transferrin. Matenda akayamba, chiwindi chimatulutsa hepcidin, amene amachepetsanso ayironi woyenda m'magazi kuti tizilombo tikhale ndi njala.

Tizilombo natonso tili ndi nzeru zake. Bakiteriya wotchedwa Aeromonas hydrophila, amene amapezeka m'madzi a m'maiwe ndi m'mitsinje ndipo amayambitsa zilonda zofiira, amatulutsa timankhwala totchedwa siderophore. Timeneti timagwira ayironi mwamphamvu moti timamulanda kwa transferrin, ndipo kachilomboko kamatikokera mkati mwake ngati mbedza yomwe yakola. Njira ina ndi yankhanza: kamaphulitsa maselo ofiira n'kutenga ayironi wa m'menemo. Magazi mukuwaona pakhunguwo kwa iko ndi chakudya.

Mu 1980, wasayansi Jorge Crosa anaonetsa kuti Vibrio anguillarum, bakiteriya wopha nsomba za m'nyanja zamchere monga salmon, akataya majini (malangizo achibadwa a m'thupi mwake) omuthandiza kulanda ayironi amatha mphamvu. Ine ndimaona kuti nkhondo yonse yagona pamenepa.

Madzi adzimbiriwo musawakhulupirirebe. Dzimbiri limamatirira pa ziwalo zopumira, nsomba n'kumabanika, ndipo nsomba yofooka siilimbana ndi matenda. Madziwo akhazikike kaye m'kadziwe kena asanalowe kwa nsomba. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mabala: kukoka ukonde pafupipafupi, mamba n'kumasupuka, nsomba kuthithikana, madeya otsala kuwolera pansi. Khomo la Aeromonas ndi limenelo.

Komanso poti muli ku Mchinji, kumbukirani kuti mu 2020 kumeneko kunabuka matenda a zilonda otchedwa EUS. Amenewo amayamba ndi kachilombo konga nkhungu, osati bakiteriya, ndipo ndi maso okha simungawasiyanitse. Chotsani nsomba zakufa muzikwirire, ukonde wanu musabwereke anzanu, ndipo itanani alangizi a nsomba adzaone msanga.