Mathero kapena mapeto? Za mkangano wa ku Mufakose

Funso: Kuno ku Mufakose, ku Harare, tangomaliza kuonera The Sopranos ndipo takangana. Mnzanga akuti Tony anafa, ine ndikuti seweroli lilibe mathero. Mkulu wina watidzudzula kuti tizinena "mapeto". Mawu oyenera ndi ati?

Yankho: Achimwene, inu ndi mkuluyo nonse muli ndi mbali yanu, koma mukunena zinthu ziwiri zosiyana.

Tikumbutsane kaye. Seweroli, lonena za Tony Soprano, mkulu wa gulu la zigawenga, linayamba pa kanema wa HBO ku America mu 1999, ndipo gawo lake lomaliza, la nambala 86, linaonetsedwa pa 10 Juni 2007. Tony ali m'nyumba yodyera ku New Jersey ndi mkazi wake Carmela ndi mwana wawo A.J. Panja, mwana wawo wamkazi Meadow akulimbana ndi kuimika galimoto. Munthu wina wokayikitsa walowa kuchimbudzi. Belu la pachitseko lalira, Tony wadzutsa mutu, basi pakanema pali bii, zii. Anthu ambiri ankayesa kuti TV yawafera. Inu a ku Harare mukanangoti magetsi apita.

Tsopano mawu. Mapeto ndi pamene chinthu chalekezera: mapeto a munda, mapeto a msewu, mapeto a mwezi. Ine sindikayika kuti mawuwa ndi pachibale ndi kupeta, kupinda m'mphepete mwa chinthu. Agogo anga akamaluka lichero ankati afika kumapeto akayamba kupinda mkombero. Mathero achokera ku kuthera, ndipo kachidutswa kameneko ka -er- kamafunsa kuti "kuti?" kapena "bwanji?" N'chifukwa chake timauza mwana wakuba kuti "mathero ako ndi kundende". Sitikunena za tsiku lomaliza, tikunena kumene khalidwe lakelo likamufikitse.

Ndiye seweroli mapeto lili nawo, pamdima pajapo. Chimene David Chase, amene anapanga seweroli, anatimana ndi mathero a Tony. Mukafuna kunena bwino, nenani kuti anatisiya m'malere. Mawu alipo kale, okoma, ndipo sindikuona chifukwa chimene achinyamata akuvutikira ndi "endingi" imene ndikuimva masiku ano. Endingi n'chiyani? Dzina la mankhwala a chifuwa?

China chimene ndimamva kwa abale athu a ku Mbare ndi ku Highfield, ku Harare konko, ndi chakuti "filimu yapera", kutanthauza kuti yatha. Ndikudziwa kuti ndi Chishona, ndipo anthu amene makolo awo anabwera kale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi sangalephere kusakaniza. Sindikwiya nazo kwenikweni. Kungoti mukakanena zimenezo ku Dedza adzakufunsani kuti yapera mawere kapena mapira, chifukwa kwathu kupera ndi ntchito ya pamphero.

Mnzanuyo mumuuze kuti "anafa" ndi mawu osakwanira pa zimene akufuna kunena. Munthu amafa ndi malungo. Ngati akukhulupirira kuti wa kuchimbudzi uja anatuluka ndi mfuti, anene kuti "anaphedwa" kapena "anamuwombera". "Anamwalira" ayi ndithu, ulemu umenewo tiusungire anthu amene sanakwirire anzawo kutchire.

Poti mwandikokera mumkanganomu, ine ndili kumbali ya mnzanuyo: anamuwombera. Mdimawo ndi wa m'maso mwa Tony yemwe. Koma mkuluyo mukamupepese pang'ono chabe, theka la mlanduwu ndi lanu.