Kwa achemwali amene akukangana ndi bambo a kunyumba pa nkhani ya mfuti

Achemwali, mwanena kuti mumakhala ku Indiana m'dziko la America, ndipo bambo akufuna kuphunzitsa mnyamata wanu wa zaka 14 kuwombera pomwe inu simukufuna. Mantha anuwo ndi omveka. Kuyambira mu 2020, mfuti zakhala zikupha ana ndi achinyamata ambiri ku America kuposa ngozi zapamsewu. Koma choopsa chachikulu chili m'nyumba, choncho yambani mwakambirana za kasungidwe.

Mfuti izikhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, yopanda chipolopolo, ndipo zipolopolo zizikhomeredwa kwina. Mwana asadziwe nambala yotsegulira ngakhale pomwe pamakhala kiyi, kaya ndi womvera chotani. Ngati masiku ano akudzipatula, akupsa mtima msanga kapena anayankhulapo zofuna kufa, phunzirolo liime ndipo mfuti ichoke pakhomo. Ambiri amene amayesa kudzipha ndi mfuti sapulumuka. Apa musagonje.

Zimenezi zikatheka, ndingakonde kuti ayambire m'kalasi ya 4-H Shooting Sports (maphunziro a kuwombera a bungwe la achinyamata la 4-H) kapena m'maphunziro a alenje amene boma la Indiana limachititsa, osati kuseri kwa nyumba ndi bambo ake okha. Inunso mupite mukaone ndi maso anu. Ayambe ndi mfuti yamphepo ya .177 (nambalayi ndi kukula kwa chipolopolo) pa mtunda wa mamita 10, kenako mfuti yaitali ya .22 yolowa chipolopolo chimodzichimodzi. Pisitolo idikire. Lamulo la dziko la America salola wosakwana zaka 18 kukhala nayo, kupatula pa zochitika ngati maphunziro, ndipo pamafunika chilolezo cholembedwa ndi kholo.

Ngozi zambiri zimabwera motere: munthu amachotsa magazini (kabokosi ka zipolopolo kolowetsa mumfuti) n'kuganiza kuti mfuti ilibe kanthu, pomwe chipolopolo chimodzi chatsalira m'kati. Aphunzire kuitsegula n'kuyang'anamo nthawi iliyonse akaigwira, asailozetse kwa munthu, ndipo chala chisakhudze chowombera mpaka atalunjika. Ikakana kulira, aisiye italoza kutsogolo kwa masekondi 30 asanaitsegule, chifukwa nthawi zina chipolopolo chimachedwa kuphulika. Azivala magalasi ndi zotseka m'makutu, pakuti ngakhale .22 imawononga makutu, ndipo azisamba m'manja ndi sopo asanadye chifukwa cha mtovu wa m'zipolopolo.

Bambo auzeni mosabisa kuti phunzirolo lisayambe mobisa inu musanavomere. Mwanayo mumufunse ali yekha ngati akuzifunadi kapena akungofuna kusangalatsa bambo ake.